Chingwe Chimodzi, Twaibu

Twaibu mwana wanga,

Asalamu alaikumu. Moniyu ndakupatsa chifukwa Msilamu samana mnzake moni, koma usaganize kuti mtima wanga wakhala pansi. Ndakwiya, ndipo ndikufuna uwerenge kalatayi ukudziwa kuti amene wailemba ndi munthu wokwiya.

Mayi ako ndi amene andikakamiza kulemba. Akuti ine ndi iwe tikangoyamba kulankhula timakhala ngati atambala awiri m'khola limodzi, mpaka azimayi ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu amasiya malonda n'kumatchera khutu. Ndiye masana ano ndatseka makina, ndayala pepala pa thebulo lake, ndikulemba pano pakhonde pomwe unakulira. Diso lija anandichita opaleshoni likutulukabe misozi, choncho ukaona mizere ikukwera phiri usaseke.

Mawa m'mawa ukunyamuka kupita ku Balaka kukatsegula shopu yako yosokera. Sindikukuletsa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo Chikweo ndi dziwe laling'ono, ndikudziwa. Watuma mayi ako kudzandipempha makina anga ena, akuda aja, kuti ukayambire, poti pakamwa pako palemera kundiuza wekha. Yankho langa lili kumapeto kwa kalatayi. Koma usathamangire kumapeto monga umathamangira ndi nsalu za anthu. Yambira pano.

Mawu ako anandipeza. Unaiwala kuti makoma a tiyirumu ya pamsika ndi a mabango? Unauza anzako kuti, "Ababa akhala pakhonde lomwelija chibadwire changa. Chikwangwani alibe, wantchito alibe, ngakhale njinga yamoto alibe. Imeneija si bizinesi, ndi kudikira imfa basi." Anzakowo anaseka, iwe n'kuitanitsa tiyi wina. Ndamvanso kuti chikwangwani chako chapentedwa kale, ndipo sichikunena kuti telala, chikuti dizaina. Chabwino, a dizaina. Koma mudziwe kuti pakamwa pamene munanenera mawu amenewo panakula ndi phala lochokera pakhonde lodikira imfa lomweli.

Chipongwe chimenecho ndingathe kumeza. Telala wa pakhonde amamva zambiri, makutu anga anazolowera. Chimene chandiima pakhosi ndi nsalu yobiriwira imene yakhala pansi pa thebulo lino chichokereni Idi. Ukuidziwa, ngakhale umayang'ana kumbali ukamadutsa.

Uyambe wamva za chingwe, chifukwa wakula ukuchiona tsiku ndi tsiku koma sunafunsepo kuti chinabwera bwanji. Chaka chimene ndinakwatira mayi ako, nsalu za anthu ndinkaziunjika m'thumba pakona. Tsiku lina makoswe analowamo n'kuboola chitenje cha mayi wina chatsopanotsopano. Mayi ako anaona chitenjecho. Anapita kwa mlongo wawo, msodzi uja wa ku Chiuta, n'kukatenga chingwe cha ukonde, chabuluu chija, n'kuchimanga kuchokera pa nsanamira iyi kufika pa iyo. Iwo ankangothawitsa nsalu kwa makoswe. Koma zaka zitapita ndinazindikira chinthu china. M'mwezi wa Ramadani, aliyense akamabweretsa nsalu ya Idi, chingwecho chikadzaza kuyambira mfundo iyi mpaka iyo, ndiye kuti ntchito imene phazi langa lingamalize mwezi usanaoneke yakwana. Ndikapanikiza ina pamwamba, wina amalira pa Idi. Kuyambira pamenepo chingwe chinasanduka bwana wanga. Chikadzaza, ngakhale abwere Shehe ndi nsalu ya mkanjo, ndimati, "Pepani, chingwe chadzaza. Pitani kwa Che Lifa kuseri kwa chigayo, nawonso amasoka bwino." Ena amachoka akung'ung'udza, koma amachoka ndi nsalu yawo yathunthu m'manja.

Chaka chino ng'ala inandikulira m'diso, ndipo tsiku limene achipatala anandiitana ku Zomba linagwa mkati mwa Ramadani. Sindikanakana, chifukwa singano ndinali nditayamba kuilowetsa ulusi mongopapasa. Ndinakusiyira khonde chingwe chili pafupi kudzaza. Ndinakuuza pamaso pa mayi ako kuti, "Chikadzaza, kana." Iwe unati, "Ndamva, ababa." Ndinapita mtima uli m'malo, ndikudzitama kwa odwala anzanga kuti ndili ndi mwana amene amaponda makina kuposa ine.

Ndinabwerako Idi itayandikira, diso limodzi lomata. Potsika pa kabaza ndinayesa kuti mankhwala akuchipatala akundionetsa zinthu zitatuzitatu. Zingwe zitatu, Twaibu! China unamanga pamwamba pa changa, china unakokera mpaka pa mtengo wa mango. Khonde lonse ngati msika wa kaunjika, iwe uli pakati, tepi m'khosi, foni m'manja, ukujambula kuti anthu akuone kuti bizinesi yatentha. Unandithamangira ukusekerera. "Ababa, taonani! Mkulu wa malole uja wa ku Nayuchi wabweretsa nsalu ya banja lonse, akazi ake, ana, alamu, onse avale zofanana. Akuti akakhutira atitumizira anzake." Zake unali utasoka kale, zili zositasita pa mpando. Za anthu amene anabwera poyamba unazikankhira ku mfundo.

Apo ndinali ndisanakwiye kwenikweni. Ndinaganiza kuti tizibweza zimene sitifika, eni ake athamangire kwa Che Lifa kapena ku Ntaja nthawi ikadalipo. Ndinakoka nsalu imodzi pa chingwe changa kuti ndiipinde. Mkono unagwa pansi, kolala n'kutsatira. Ndinakoka ina, chimodzimodzi. Ina, chimodzimodzi. Unali utadula zonse.

Ndinakufunsa kuti, "Wadulirenji nsalu zimene ukudziwa kuti suzifika?"

Unandiyankha ngati munthu amene watulukira nzeru yatsopano. "Ababa, ukadula kasitomala sathawa. Kutawuni amatero."

Ndinali pa swaumu tsiku limenelo, ndipo mawu amene anabwera kukamwa kwanga akanandiwonongera kusala konse. Ndinawameza. Lero sindili pa swaumu, ndiye imva. Chimene unachitacho si nzeru za kutawuni, ndi umbava wovala tepi m'khosi. Nsalu yosadula ndi ya mwini wake. Akaona kuti ukuchedwa angathe kuitenga, kupita nayo kwina, kuigulitsa, kuifunda. Ukailowetsa sizasi wamumanga miyendo munthuyo, ndipo walumbira kuti umaliza. Sizasi ndi lumbiro, Twaibu. Ndinakuphunzitsa kugwira sizasi uli mnyamata, ndipo sindinakuphunzitse kuti uzikolera nayo anthu ngati mbewa.

Tinayesetsa masiku otsalawo, iwe pa makina, ine ndikupinda ndi kusita ndi diso limodzi, koma chingwe sichinama. M'mawa wa Idi anthu akupita kokaswali, khonde lathu linadzaza ngati pali maliro. Mkulu wina analandira mkanjo wogwidwa ndi mapini m'munsi. Atsikana awiri apachibale anapeza kuti mikono ya wina ili pa diresi la mnzake. Mayi wina anandilozera chala kumaso pamaso pa ana, kunditchula wabodza, ine nditavala mzuli wanga wa Idi kumutu. Zonsezo ndinapirira. Kenako anafika Abiti Jana ndi mwana wawo Asiyatu.

Umawadziwa Abiti Jana. Ndi mayi aja amasenza dengu la matemba kuchokera ku Chiuta wapansi, amene amuna awo anapita ku Mozambiki osabwerako. Nsalu yawo ndinailandira ndi manja anga mwezi utangoyamba, ndipo inali yoyamba kupachikidwa pa chingwe. Anandiuza kuti, "Che Amidu, mwanayu chaka chino akuti amanga mwezi wonse, koyamba. Ndamulonjeza diresi. Nsaluyi wasankha yekha." Ndipo mwanayo anamangadi mwezi wonse, osadya osamwa ndi dzuwa lija. M'mawa umenewo anabwera atasamba, atadzola mafuta, atavala mpango watsopano kumutu, koma m'thupi muli kadiresi kake ka masiku onse kamene kanamufupikira kale. Ankayang'ana pa chingwe, maso akufunafuna chobiriwira.

Iwe utangowaona unati, "Ndikatenge ulusi m'nyumba." Ulusi umenewo mpaka lero sunatuluke nawo.

Ndinatsala ndekha. Ndinatulutsa zidutswa za nsalu yobiriwira ija n'kuziika pa thebulo. Abiti Jana anazitembenuza ndi chala chimodzi. Sanakuwe, sanatukwane, ndipo bwenzi zili bwino akanatukwana. Anangoti, "Ooh, munadula kale? Ikanakhala yosadula bwenzi atangofunda ngati chitenje."

Mwana uja anafunsa chapansipansi, "Amama, ndiye ndipite chonchi?"

"Tiye, mwanangu. Mulungu sayang'ana diresi."

Zoona, Mulungu sayang'ana diresi. Koma ana anzake amayang'ana, ndipo iwe ukudziwa mmene ana amasekera pa Idi. Ndinawaona Abiti Jana akutsika msewu, mwanayo akukokera kadiresi kake m'munsi kuti kaphimbe mawondo. Mkulu wa malole uja anadutsa ndi banja lake lonse litavala zofanana, akuliza hutala. Anzake amene analonjeza aja wawaonapo?

Ukudziwa chimene ndimachita pa Idi iliyonse swala ikatha. Ndimaima pa chipata cha mzikiti, ndimapereka moni, ndipo maso anga amayenda pa mapewa a anthu. Mkanjo uwu ndi wanga, diresi ilo ndi langa, kolala iyo ndinavutika nayo koma yakhala. Palibe amene amadziwa kuti ndikuchita zimenezo, koma kwa ine ndi tsiku lokolola. Chaka chino ndinaswali kumbuyo kwenikweni, ndipo titangomaliza ndinadzera kanjira ka kuseri kwa chigayo ngati wakuba nkhuku. Munthu wa imvi, wosaba kanthu, kuthawa anthu a m'mudzi mwake. Chimenecho ndiwe unandichita, ndipo chikundiwawa mpaka lero.

Usaganize kuti sindikudziwa matenda amene akugwira. Ndinadwalapo. Ndili wa msinkhu wako, mnzanga wina, Che Ndembo, anayamba kugula mpunga ndi kukagulitsa ku Nayuchi sitima ikafika. Posakhalitsa anagula njinga yonyezimira ndi wailesi, ndipo akamadutsa pano ankaimba belu dala. Tulo tinandithawa. Ndinavundikira makina ndi chiguduli, ndinauza mayi ako kuti kusoka ndi ntchito ya anthu opanda maso, ndinapita kukagula mpunga. Sindinkadziwa kuuluma kuti ndimve ngati wauma. Alimi atandiona anadziwiratu kuti kwabwera telala, anandigulitsa wauwisi, ndipo pofika nawo ku Nayuchi unali utayamba kununkha chuku. Ndinabwerako ndi matumba opanda kanthu ndi nsikidzi za kumalo ogona. Mayi ako anachotsa chiguduli pa makina n'kunena kuti, "Anzanu awa akhala akukufunsani." Ndipamene ndinaona kuti sindinkafuna malonda a mpunga ayi. Ndinkafuna belu la Che Ndembo. Iweyo lero ukufuna chiyani, shopu kapena hutala wa mkulu wa malole? Dzifunse usanakwere minibasi, chifukwa kutukuka kobwereka kuli ngati malaya obwereka, penapake amathina.

Ndinapusanso nthawi imene kaunjika anasefukira m'misika yathu. Anthu anasiya kusoketsa, matelala anzanga anagulitsa makina, ena anayamba kabaza. Anthu ankabwera ndi mathalauza akuluakulu a azungu kuti ndiwachepetse, ine n'kumawabweza. Ndinkati ndine wosoka masuti, sindigwira nsanza za anthu akufa. Ndinakhala nyengo yonse manja ali m'thumba, makina akuchita dzimbiri, ulemu wanga uli bwinobwino koma m'nyumba mulibe mchere. Mayi ako anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi masuti anuwo tithira m'ndiwo?" M'mawa mwake ndinalandira thalauza loyamba. Kuchepetsa m'chiuno, kusintha zipi, kuika zigamba pa yunifolomu, ndi zimene zinakulipirira sukulu iwe dizaina. Ndiye ku Balaka akabwera munthu ndi zipi yothyoka, usamuyang'ane ngati wakuponda. Wa zipi lero ndi yemweyo adzabwere ndi nsalu ya ukwati wa mwana wake, ndipo adzakumbukira mmene unamulandirira.

Tsopano ndikuyankhe za kudikira imfa. Ukunena zoona, chikwangwani ndilibe. Ndani pa Chikweo pano amasochera akamafuna Che Amidu? Wantchito ndilibe, njinga yamoto ndilibe. Koma ndinakhala pansi kalekale n'kusankha chimene ndikufuna pa makina awa, ndipo ndinachipeza. Ndinkafuna kuti ana anga adye ndi kuphunzira, ndipo munadya, munaphunzira. Ndinkafuna kuti Lachisanu masana ndizitseka n'kupita ku Ijuma popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Ndinkafuna kuti ndikamva maliro ndizinyamuka nthawi yomweyo. Koposa zonse ndinkafuna kuyenda pakati pa msika mutu uli m'mwamba, popanda munthu amene ndikumuzemba. Kumeneko ndiko kutukuka kwanga, ndinakusoka pa muyeso wanga ndipo kumandikwana. Iwe unakung'amba m'mawa umodzi chifukwa cha zithunzi za pa foni.

Sindikunena kuti kutukuka kwako kufanane ndi kwanga, iyayi. Ndikanakhala wofuna zimenezo bwenzi ndikukumangirira pa nsanamira pano. Ngati ukufuna shopu ya magalasi, anyamata osoka, makina amagetsi, dzina lomveka mpaka ku Liwonde ndi ku Mangochi, funa, ndipo Mulungu akupatse. Ndidzabwera kudzakhala pa mpando wa alendo n'kumauza aliyense kuti mwini wake ndi mwana wanga. Koma chikhale chinthu chimene wasankha iwe utakhala pansi, osati chimene chakulowa m'maso chifukwa wina wadutsa nacho pamsewu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo dziwa kuti kukula kuli ndi ndondomeko yake. Ukafuna chingwe chachiwiri, yamba wapeza phazi lachiwiri. Phunzitsa munthu, umuone msoko wake, umukhulupirire, kenako umange chingwe. Iwe unayamba ndi chingwe, phazi likadali limodzi lomwelo.

Ku Balaka kulibe amene akukudziwa. Kuno anthu anakukhululukira msanga chifukwa cha nkhope yanga, ena amati ndi chibwana, ena amati ndi Satana amene anakulowa ntchito itachuluka. Kumeneko ulibe nkhope ya bambo wako yobisalako. Ukadzachita zimene unachita kuno, sadzakutukwana nthawi yaitali. Adzangouzana pa depoti, pa mjigo, pa mzikiti, kuti mnyamata wa ku Chikweo uja amadula n'kusiya, ndipo udzakhala pansi pa chikwangwani chako chokongola ukuthamangitsa ntchentche. Tawuni ili ndi anthu ambiri, koma pakamwa pake ndi pamodzi.

Anthu amaseka kuti mawa la telala silifika. Ine nthabwala imeneyo imandinyansa. Ukati mawa, likhale mawa limene dzuwa lake lituluke. Ngati sungathe, nena kuti sabata yamawa, munthuyo akwiye lero kusiyana n'kuti ayende ulendo wachabe. Muyeze munthu wekha, usamvere zoti "ndi wofanana ndi ine" pamene mwini diresi ali kumudzi. Zotsala za nsalu bweza kwa mwini wake ngakhale katsale kongokwana kumangira tsitsi, chifukwa mayi amene wabwezeredwa kansalu kake sapitanso kwina. Ndipo wolemera akabwera mochedwa, ayime pambuyo pa wosauka amene anabwera msanga. Akakwiya, musiye apite. Wa malole ali ndi matelala ambiri, wa dengu la matemba ali ndi iwe wekha. Chikadzaza, kana, Twaibu. Ndinakuuza ndi pakamwa sunamve, mwina pa pepala umva.

Idi itadutsa tinamaliza nsalu zotsala zija, ine ndi iwe, osalankhulana. Zonse zinapita kwa eni ake kupatula imodzi. Yobiriwirayo ndinaichotsa pa mulu n'kuiika pansi pa thebulo, ndikufuna ndione ngati udzaifunse. Masabata apita. Wafunsa za lendi ya ku Balaka, wafunsa za penti wa chikwangwani, watuma mayi ako za makina. Za nsalu ya Asiyatu sunafunsepo ngakhale kamodzi. Ichi ndicho chandikwiyitsa kuposa zingwe zitatu zija. Kulakwa aliyense amalakwa, koma iwe wakonzeka kukwera minibasi n'kusiya zidutswa za mwana wa eni pansi pa thebulo la bambo wako ngati palibe chinachitika.

Ine mbali yanga ndinapita kwa Abiti Jana kukapepesa. Ndinawauza kuti ndiwagulire nsalu ina, anakana. Anati, "Iyayi, Che Amidu, mwanayo akufuna yomweyo, ndi imene anasankha." Mayi ako akhala akundivutitsa kuti, "Bwanji osangosoka inuyo? Mukuzunza mwana wosalakwa chifukwa cha makani anu." Mwina akunena zoona, makani ndili nawo, ndipo iwe unatengera kuno. Koma wodula ndiye asoke. Ndikasoka ine, diresi lituluka, koma iwe upita ku Balaka ukudziwa kuti ukadula n'kuthawira m'nyumba pali wina amene amatsala akusoka. Kumeneko kulibe woteroyo. Asiyatu masiku ano akamapita ku madarasa amadzera tsidya lina la msewu, maso ali pansi, ngati wolakwa ndi iye. Ndatopa kumuona akutero.

Nali yankho lako. Makina akuda ndawapukuta, ndathira mafuta, ndaika lamba watsopano ndi singano yatsopano. Sindinawamange m'katoni. Ali pano pakhonde, ndipo pamwamba pake ndaika nsalu yobiriwira ija, ulusi wogwirizana nayo, ndi zipi. Mayi ako akupatsa kalatayi dzuwa likadalipo. Ukamaliza kuwerenga, ubwere ukhale pa mpando uwu, anthu a pamsika akuona, usoke diresi limenelo ndi luso lako lonse, ngati ukusokera mkazi wa mkulu wa malole. Ulisite. Kenako ulinyamule wekha, wapansi, mpaka kwa Abiti Jana. Usatume mwana, usatumize uthenga pa foni. Ukaodire pakhomo, ukakhale pansi, ndipo pakamwa pomwe unanenera zija m'tiyirumu pakanene kuti, "Ndinalakwa ndine, si ababa." Ukadikire mwanayo alivale, uone ngati lamukhala. Ngati penapake pathina, ubwere nalo ukonze.

Ukachita zimenezo, makinawo ndi ako, ndipo mawa ndiwamangirira ndekha pa njinga n'kukuperekeza pa siteji. Ukaona kuti ndi zochititsa manyazi kwa dizaina, palibe mlandu. Nyamula chikwangwani chako upite, ukasokere pa chikwangwanicho. Makina anga sapita kukakola anthu a ku Balaka.

Chinthu chimodzi chokha ndakupatsa popanda kudikira yankho lako. M'chikwama chako, pansi pa mkanjo, upezamo chingwe chabuluu. Ndachidula lero ndi sizasi yanga, mayi ako akukuwa kuti ndapenga. Sindinadule pakati. Mbali yaitali ndi yako, chifukwa phazi lako limathamanga kuposa langa, ndipo msoko wako, ukafuna, umawongoka kuposa wanga. Zimenezi sindinakuuzepo, ndipo usayembekeze kuti ndidzabwereza. Mbali yaifupi yatsala kuno. Sikufikanso pa nsanamira inayo, ndiye ndakhoma msomali pakati pa khoma, ndipo ndaona kuti ikukwanirana ndi maso amene ndatsala nawo.

Ukafika ku Balaka, usanapachike chikwangwani, yamba wamanga chingwe. Chimodzi.

Mulungu akusunge m'njira, akupatse makasitomala ochuluka, akupatsenso pakamwa potha kuwakana. Tsopano pinda kalatayi ubwere. Dzuwa lapendeka, ndipo kwa Abiti Jana n'kutali.

Ndine bambo wako,
telala wa pakhonde,
Amidu